Woyang'anira mayeso akaopsezedwa, nkhaniyo si yake yekha

Chaka chilichonse mayeso akayandikira, ife aphunzitsi amene tasankhidwa kukayang'anira timaitanidwa kukakumbutsidwa malamulo. Amatiuza za envulopu yomata ija, kuti isatsegulidwe olemba asanaone ndi maso awo kuti ndi yosang'ambika. Amatiuza za kusecha pakhomo, mwamuna kwa amuna, mkazi kwa akazi, za mafoni, za lumbiro losunga chinsinsi limene timasainira. Zonsezi ndi zofunika, ndipo ine ndimazigwira ndi manja awiri. Koma pali funso limodzi limene timalidutsa mothamanga, mwina chifukwa palibe amene ali ndi yankho lokonzeka: munthu ukamulanda kapepala kake, iye n'kukuyang'ana m'maso n'kunena kuti "tionana panja," uchite chiyani?

Ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Chipata. Ndayang'anirapo mayeso a Giredi 9, a Giredi 12 ndi a GCE (olembedwa ndi anthu amene salinso pasukulu), m'tauni muno komanso kumidzi ya kutali ndi tala, ndipo zaka zapitazi ndakhala ndikupatsidwa udindo wa supavaiza. Kawirikawiri sitiyang'anira pasukulu pamene timaphunzitsa. Amatisinthanitsa kuti pasapezeke wothandiza ana ake, ndipo ndi nzeru yabwino. Koma kusinthako kumatanthauzanso kuti umafika ngati mlendo pamalo pamene aliyense amadziwana. M'tauni ukaweruka umakwera njinga n'kulowa m'chigulu cha anthu pa Kapata kapena ku Down Shops, ngakhale Chipata si yaikulu moti munthu wokufuna angalephere kukupeza. Kumudzi ndiye kulibe kolowera. Umagona m'nyumba ya mphunzitsi mnzako kapena m'kalasi, madzi ukatunga pamjigo womwewo pamene akutunga mayi a mwana amene wamulanda kapepala m'mawa.

Mkwiyo wa m'chipinda cha mayeso suyambira m'chipindamo. Umayamba masabata angapo m'mbuyo, pamene wina wayamba kuyendayenda n'kumanong'oneza kuti ali ndi likeji, ndiye kuti mafunso a mayeso obedwa tsiku lolemba lisanafike. Ana amasonkherana ndalama, ena amanama kunyumba kuti ndi za tyushoni, ndipo makolo ena akudziwa bwinobwino amagulitsa mbuzi kapena thumba la soya. Tonse tikukumbukira Okutobala wa 2018, pamene pepala la masamu la Giredi 9 linafalikira pa mafoni mayeso asanalembedwe, ndipo nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo, a David Mabumba, inaimitsa mayeso a Giredi 7, 9 ndi 12 dziko lonse mpaka anakonza ndondomeko ina. Ana amene anawerenga mwachilungamo anavutika limodzi ndi akuba. Chimene chinatsalira m'mitu ya ana ambiri kuchokera pamenepo n'chakuti likeji yeniyeni iliko, ungofunika kupeza wogulitsa wolondola. Ndiye ogulitsa zabodza anapezerapo msika. Mwana waloweza mayankho usiku wonse, m'mawa envulopu yatsegulidwa, mafunso ndi ena. Wogulitsa uja foni wazimitsa. Munthu wamkulu yekhayo amene ali pafupi ndi iwe woyang'anira.

Ku GCE nkhani imalemera kwambiri. Kuyambira 2022 ana a m'masukulu a boma salipira fizi, koma wolemba GCE amalipira yekha phunziro lililonse. Ambiri ndi akuluakulu, a mabanja, ena ali pantchito ndipo akufuna kukonza masamu kapena sayansi kuti alowe koleji ya unamwino kapena ya uphunzitsi, kapena kuti asachotsedwe pamene ali. Ena abwereza phunziro lomwelo kangapo. Munthu wotero salowa m'chipinda ngati mwana wasukulu, amalowa atasenza banja lonse.

Chaka china pa mayeso a GCE, nthawi ya mphepo ija ya mu Ogasiti, ndinali supavaiza pasukulu ina m'tauni muno. M'chipinda china munali mtsikana wongoyamba kumene ntchito, mmodzi mwa aphunzitsi 30,496 amene boma linalemba mu 2022. Anaona bambo wina wa kumbuyo akuweramira pansi pafupipafupi ngati akukanda mwendo. Atayandikira anapeza kafoni kakang'ono kali mu sokisi, kowala. Anakatola n'kukakweza m'mwamba, n'kunena mokweza kuti, "Ichi n'chiyani?" Pamene ndinkafika pakhomo, bambo uja anali ataimirira, desiki itagwa chammbali, mapepala ali pansi. Anali wamtali, mtsikanayo akumufika paphewa. Chipinda chonse chinasiya kulemba.

Ndinalowa pang'onopang'ono, manja anga ali poonekera, ndipo sindinaime pakati pa iye ndi chitseko. Ndinauza mtsikanayo kuti, "Amadamu, pitani kutsogolo mukaone wotchi," kuti achoke pamaso pake. Kenako ndinawerama n'kudzutsa desiki ija, n'kutola mapepala ake, n'kuwayala bwino.

"Abambo, khalani pansi. Nthawi yanu ikupita. Malizani pepala, zinazi tikamba likatha."

"Amayi, mukudziwa ndalama zimene ndataya pa mayeso amenewa? Muli ndi ana inu?"

"Ndili nawo. Khalani pansi, abambo, anzanuwa akufuna kulemba."

Anakhala. Thukuta linali kutsika m'khosi ngakhale kunja kunkazizira, ndipo bolopeni inkanjenjemera m'dzanja lake. Ndisanachoke anatembenukira kumene kunali mtsikana uja n'kunena motsitsa, koma momveka kwa mizere iwiri yapafupi, "Iwe, ndikudziwa kumene umakhala." Ndinayang'ana wotchi, n'kulemba nthawi ndi mawu amenewo pakapepala, ndendende momwe anawanenera. Kapepala kena ndinapatsira mlonda pawindo kuti akapereke kwa ahedi. Pepala litatha, olemba ena onse atatuluka, bamboyo anapeza ahedi ndi wapolisi akumudikira mu ofesi, ndipo zokamba zonse zinakambidwa kumeneko chitseko chili chotseka.

Mtsikana uja sanalakwe kulanda foni. Ndi ntchito imene anatumidwa, ndipo anaigwira pamene ena akanayang'ana kumbali. Chimene ndimauza aliyense woyamba kumene n'chakuti kulanda kuchitike mwakachetechete. Munthu wamkulu ukamuyalutsa pamaso pa anzake, ena mwa iwo ana oti akanawabala, umamusiyira njira imodzi yokha yotetezera ulemu wake, ndiyo kuimirira. Ukafika pambali pake, n'kutenga chinthucho, n'kunong'ona kuti "ndatenga, pitirizani," ambiri amangozyolika. Mlandu suthawa. Umboni uli m'manja mwako, lipoti lilembedwa, a bungwe loyendetsa mayeso la Examinations Council of Zambia ndi amene adzagamule za zotsatira zake, ndipo malamulo awo, akale a 1983 komanso atsopano a 2023, amati kubera mayeso ndi mlandu. Iwe si woweruza, ndipo m'chipindamo muli anthu ena makumi angapo amene mphindi zawo zikudyeka pamene inu awiri mukukokanakokana. Osamugwira m'thupi, osamutsekera njira. Akafuna kutuluka atuluke, ulembe nthawi imene watulukira.

Koma chimene chandichititsa kulemba lero ndi mawu aja akuti "ndikudziwa kumene umakhala." Mtsikanayo anandipempha kuti ndisawaike mu lipoti. Anati mwina bamboyo anangolankhula ndi mkwiyo, ndipo kuwalemba kungakulitse nkhani. Ndinakana, ndipo ndimakana nthawi zonse. Ndaona chimene chimachitika kwa mphunzitsi amene waopsezedwa n'kusunga mumtima. M'mawa mwake amabwera ndithu, amasaina, amagawa mapepala, kenako amakaima pawindo n'kumayang'ana kunja mpaka nthawi ithe. Posecha manja ake amangodutsa pamwamba. Sanalandire ngakhale ngwee imodzi, si wakatangale, koma chipinda chija chatseguka. Olemba amaona msanga, ndipo pofika pepala lachitatu mbiri yafika kale ku zipinda zina kuti kwa amadamu akutiakuti kuli mpata. Woopseza uja sanafunike kuponya mwala. Wotaya ndi mtsikana wakumudzi amene wawerenga ndi katochi chaka chonse ndipo alibe wina womugulira mayankho.

Tikadandaula, pamakhala ena otiyankha kuti walira mvula walira matope, munavomera nokha kukayang'anira. Ine yankho limeneli silindikhutitsa. Tinavomera kuyang'anira mayeso a dziko, ndipo woopseza woyang'anira akuopseza mayesowo. Choncho nkhaniyo ichoke m'manja mwa mphunzitsi tsiku lomwelo: ipite kwa supavaiza, kwa ahedi amene ndi mwini senta, ku ofesi ya DEBS yoyang'anira maphunziro m'boma lino, ndi kupolisi. Kuopseza munthu kuti umuvulaza ndi mlandu pa malamulo a dziko lino ngakhale usanamukhudze. Ngakhale kuopseza ndi zamatsenga, kuja kopeza tizinthu tomangamanga pakhomo m'mawa kapena kuuzidwa kuti "mvula ya chaka chino simuiona," lamulo la za ufiti limaletsa. Kaya iwe umakhulupirira zimenezo kaya ayi, cholinga cha wochitayo ndi chimodzi, kuti mawa uyang'ane kumbali. Uthenga wa pa foni usaufufute, ujambule n'kutumiza kwa ahedi. Mtsikana uja tinamusamutsira kuchipinda china, ndipo masiku otsalawo ankapita kwawo pagalimoto ya mphunzitsi mnzathu.

Zikafika pomenyana penipeni, anthu ndiwo oyamba, mapepala pambuyo. Woyang'anira mmodzi atulutse olemba amene ali pafupi ndi ngozi, mapepala awo atawatembenuza pa desiki, wina aitane thandizo, ndipo nthawi imene mayeso aimira ilembedwe kuti akuluakulu adziwe zochita ndi mphindi zotayikazo. Nambala ya polisi ya 991 iliko, koma ine ndisanayambe mayeso ndimafuna nambala ya m'manja ya wapolisi wa pa positi yapafupi, ndipo ndimaiyesa kuti ndione ngati netiweki imagwira pasukulupo, chifukwa kumidzi ina umachita kukwera pachulu kuti foni ilire. Wothawa osamuthamangitsa. Ndipo mphunzitsi asabwezere, makamaka kwa mwana. Lamulo la maphunziro la 2011 ndi lamulo la ana la 2022 amaletsa kumenya mwana, ndiye ukangokweza dzanja nkhani yatembenuka, woyankha mlandu ndi iwe. Kudzitchinjiriza kuti uchoke pamalopo ndi kwina, kulanga ndi kwina.

Wamenyedwa apite kupolisi tsiku lomwelo akatenge fomu ya chipatala, akapimidwe, adokotala alembe zimene aona, fomuyo ibwerere kupolisi. Kuvulaza munthu kukhoza kutengera womenyayo kundende mpaka zaka zisanu. Madzulo ake abale amabwera, amalume atavula chipewa, mayi akulira, "Aphunzitsi, tikambirane pachibale, mwanayu ndi wanu yemwe." Sindinena kuti kukhululuka n'kolakwa. Mnyamata wa zaka 16 amene wakankha mphunzitsi chifukwa cha mantha sindifuna kumuona m'ndende, ndipo lamulo la ana lija lili ndi njira zina zomuwongolera osati kumutsekera. Koma kukhululuka kubwere nkhani italembedwa kale. Ikathera pakhonde usiku, mphunzitsi amene adzatumizidwe pasukulupo chaka chamawa adzafika osadziwa kanthu.

Phunziro lalikulu pankhaniyi ndinalitenga kumudzi. Tinatumizidwa atatu kukayang'anira Giredi 9 pasukulu ina ya kutali, kumene minibasi imafika kamodzi patsiku. Kunali kotentha kwa Novembala mvula isanagwe, malata akuchita kulira okha masana. Tsiku loyamba tinaona anyamata akuluakulu, osalemba mayeso, akuzungulira kuseri kwa makalasi. Timapepala tinayamba kulowera pamawindo opanda magalasi. Tinatola, tinatseka mbali imeneyo, tinasuntha madesiki kuchoka kukhoma. Usiku umenewo miyala inayamba kugwa padenga la nyumba imene tinkagona. Sinali yambiri. Umodzi, kenako chete wautali, wina, mpaka tambala woyamba. M'mawa tikupita kumjigo amayi amene dzulo lake anatilonjera mwansangala anangoyang'ana zidebe zawo.

Ahedi a pamenepo anali bambo wachikulire wodziwa anthu ake. Sanayambe ndi apolisi, ngakhale anawadziwitsa. Anatumiza mwana kwa apampando a PTA ndi kwa anyakwawa, ndipo madzulo pepala litatha makolo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango pabwalo la sukulu. Ahedi anawafotokozera chinthu chimene ambiri sankachidziwa: kuti kubera kukapezeka kuti kwakhudza chipinda chonse, zotsatira za ana onse zikhoza kufafanizidwa, wobera ndi wosabera yemwe, ndiponso kuti sukulu ikhoza kulandidwa usenta. Anawakumbutsa zaka zimene ana a m'mudzimo ankayenda mtunda wautali kukalembera kusukulu ina, atsikana akugona m'makalasi a eni, ndi njerwa zimene makolo omwewo anaumba kuti amange chipinda chosungiramo mapepala. Panali bata. Kenako mayi wina anafunsa, "Ndiye kuti wanga amene sanalandire kapepala nayenso alephera?" Ahedi anati zikhoza kutero. Apa m'pamene nkhope zinasintha, makolo anayamba kuyang'anana okhaokha, chifukwa anyamata oponya timapepala aja aliyense ankawadziwa maina.

Anyakwawa analankhula mwachidule. Anati alendowa abwera m'dzina la boma ndipo ali m'manja mwawo, woponya mwala padenga lawo waponya padenga la mfumu. Anasankha abambo awiri oti azigona pakhonde pathu ndi ena oti azikhala kumsewu wolowera kusukulu nthawi ya mayeso. Miyala inatha usiku womwewo. M'mawa mwake tinapeza chidebe cha madzi pakhomo ndi mbale ya nthochi.

Msonkhano umene uja ukanachitika mwezi umodzi mayeso asanayambe, mwala ngakhale umodzi sukanagwa. Makolo ambiri saona kuponyera mwana kapepala ngati kuba, amaona ngati kuthandiza mwana wawo pa nkhondo imene ana a m'tauni ali ndi mabuku, magetsi ndi tyushoni. Kusiyana kumeneko kulipo ndithu, ndipo kumandipweteka. Koma palibe amene anawauza mtengo wake wa thandizo lotero. Kuno kwathu mawu a mfumu akadali ndi mphamvu, kuyambira kwa anyakwawa mpaka kwa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ndi Kalonga Gawa Undi, ndipo mafumu athu akhala akulankhula poyera za kusunga ana pasukulu ndi kuthetsa maukwati a ana. Nkhani ya mayeso ndi yomweyo. Wapolisi mmodzi sangalondere mawindo onse a sukulu, ndipo mayeso akatha amapita. Mudzi ndi umene umatsala.

Pali oopsezedwa ena amene timawaiwala: ana enieniwo. Mwana wanzeru amauzidwa ndi anzake mayeso asanayambe kuti, "Usaphimbe pepala, ukaphimba tikakupeza kunjira." Umamuzindikira ndi kakhalidwe. Amakhala mopendekera, pepala lili kumphepete kwa desiki, maso ali pansi, akulemba mochedwa dala. Ukamufunsa pagulu akana. Ine ndimangoyenda n'kukaima pafupi ndi mzere umenewo nthawi yaitali, kuti wakumbuyo aone kuti walephera chifukwa cha ine, osati chifukwa mnzakeyo wakana. Pambuyo pake ndimauza aphunzitsi a gaidensi kuti akambe naye paokha, ndipo ahedi aone za kayendedwe kake popita kunyumba. Mwana kapena kholo loopa kulankhula pasukulu likhoza kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Woledzera ndi wa pageti, asafike n'komwe pakhomo la chipinda. Mowa wa m'timasacheti uja wa tujilijili analetsa mu 2012 koma kachasu sanathe, ndipo alipo amene amamwa kuti achotse mantha a masamu. Kusecha kukachitikira patali ndi zipinda, phokoso lake silifika kwa amene akhala kale. Komanso si aliyense wokuwa amene ali wachiwawa. Ndinaonapo mtsikana akung'amba pepala lake n'kuyamba kulira mokweza pakati pa mayeso, ena n'kumati achotsedwe akusokoneza. Anali asanadye kuyambira dzulo lake, ndipo kwawo kunali maliro. Ameneyo anafunika madzi, mthunzi ndi mphunzitsi wamkazi wokhala naye pambali, ndipo lipoti lake linali la mtundu wina.

Tsiku loopsa kwambiri ndi la pepala lomaliza, makamaka ku Giredi 12. Mwana akudziwa kuti mawa savalanso yunifomu, palibe chimene ahedi angamuchite, ndipo ngongole zonse za mkwiyo amafuna kuzitolera tsiku limenelo. Pamene ine ndili supavaiza, tsikuli ndimapempha wapolisi akhalepo mpaka mapepala atapakidwa n'kunyamulidwa, olemba achoke pabwalo la sukulu nthawi yomweyo, ndipo oyang'anira tituluke limodzi.

Kwa akuluakulu athu a maphunziro m'maboma a kuno kum'mawa ndili ndi pempho. Pa tsiku lija lotikumbutsa malamulo, patulani ola limodzi la nkhani imeneyi, muitane wapolisi ndi mphunzitsi amene zinamuchitikirapo, achinyamata ayeserere kulanda kapepala popanda kukweza mawu. Pakhale buku pa senta iliyonse lolembamo ziopsezo, ndipo wotumizidwa kumeneko chaka chotsatira aziliwerenga asananyamuke. Ndipo mphunzitsi akanena kuti waopsezedwa n'kupempha kusinthidwa senta, asinthidwe msanga popanda kumufunsa ngati ali ndi mtima wa ntchito. Aphunzitsi ambiri amene tikuwatumiza kumidzi panopa ndi ana aang'ono, ena sanakwanitse zaka 30, ndipo akuyang'anira anthu amene amawaposa msinkhu ndi mphamvu.